Basi ya kusukulu yochokera m'bokosi la mavoti

Ana inu, tiyeni tiyerekeze kuti kukucha m'mudzi wina kummwera kwa dziko la France. Ndi nyengo yozizira, kunja kukadali kachisisira, ndipo mtsikana wa msinkhu wanu waima m'mphepete mwa msewu, chikwama kumsana, manja m'matumba a jekete. Sakubayitsa galimoto zodutsa. Palibe woitanira womukoka dzanja, palibenso kondakitala woti alimbane naye pa nkhani ya chenji. Iye akungoyang'ana pachikwangwani pamene palembedwa nthawi yofikira basi. Nthawiyo itakwana, basi ija yatulukira pakona, mtsikana wakwera, waonetsa kakhadi kake, wakhala pampando. M'thumba mwake simunatuluke ngakhale kakobiri.

Tsono ndikufunseni. Ndani analamula kuti basi imeneyi izidutsa m'mudzi umenewu, osati wa kuseri kwa phiri? Ndani anasankha nthawi yake? Nanga ndani ananena kuti mwana wa sukulu asamalipire? Mukati dalaivala, mwalakwa, iyeyo ndi wolembedwa ntchito chabe. Mukati pulezidenti wa dzikolo amene amakhala ku Paris, mwaphonyanso. Zonsezi zinamangidwa ndi gulu la anthu amene makolo a mtsikanayu ndi anansi awo anawasankha tsiku lina Lamulungu poponya voti. Gululo ndi khonsolo ya chigawo.

Mawu akuti chigawo mumawadziwa kale. Ku Malawi kuli Chigawo cha Kumpoto, Chapakati ndi cha Kummwera. Kusiyana kwake n'kwakuti zigawo za ku Malawi zilibe khonsolo yakeyake yosankhidwa ndi anthu, popeza makhansala amakhala m'makhonsolo a maboma, matauni ndi mizinda. Ku France chigawo chili ndi makhansala ake, wapampando wake, ndi thumba lake la ndalama. Zigawozo zilipo 18. Mwa izo, 13 zili ku Ulaya komweko, ndipo 5 zili kutali kutsidya kwa nyanja zamchere. Mukatenga mapu a Africa n'kuyang'ana pakati pa kumpoto kwa Mozambique ndi chilumba cha Madagascar, mupeza kadontho kolembedwa kuti Mayotte. Kameneko n'kamodzi mwa zigawo za France, ndipo kali pafupi ndi Malawi kuposa ndi Paris!

Kale sizinali chonchi. Kwa zaka zambirimbiri, pafupifupi chilichonse chachikulu m'dzikolo chinkagamulidwa ku likulu. Munthu wa ku Paris, amene mwina sanapondeko n'komwe m'mudzi mwa mtsikana uja, ndiye ankanena kuti sitima ya kumeneko izinyamuka nthawi yakuti, kapena kuti ileke kuyenda. Mu 1982, Pulezidenti François Mitterrand ali pampando, kunakhazikitsidwa lamulo lopereka mphamvu zina ku zigawo, ndipo mu 1986 anthu anasankha okha makhansala a zigawo m'dziko lonse kwa nthawi yoyamba. Za sitima zinabwera pambuyo. Anayamba ndi kuyesera m'zigawo zochepa mu 1997, ataona kuti zikuyenda, mu 2002 anapereka udindowo kwa zigawo zinanso. Mabasi oyenda pakati pa matauni ndiponso mabasi a ana a sukulu analowa m'manja mwa zigawo mu 2017.

Apa tisasokoneze. Mwina munaonapo pa TV sitima ya ku France ya mphuno yosongoka, yothamanga ngati mphezi, yotchedwa TGV. Imeneyo si ya chigawo. Sitima za chigawo ndi zina, zodzichepetsa, zoima pafupifupi pa siteshoni iliyonse, zonyamula anthu opita kuntchito, kuchipatala ndi kusukulu m'mawa n'kuwabweza madzulo. Dzina lake ndi TER. Ngati TGV ili ngati basi yaikulu yochoka ku Blantyre osaima mpaka ku Lilongwe, TER ili ngati minibasi ya tsiku ndi tsiku, kungoti iyo siidikira kuti idzaze. Nthawi ikakwana imanyamuka, kaya muli anthu atatu okha.

Khonsolo ndiyo imagula sitimazi, imasankha kuti patsiku ziyende maulendo angati, ndipo imaika mtengo wa tikiti. Koma makhansala sayendetsa okha sitima ayi. Kawirikawiri amagwirizana ndi kampani ya njanji ya boma, SNCF, imene inayamba mu 1938, kuti ipereke oyendetsa ndi okonza, iwo n'kumailipira. Pa ndalama zonse zimene zigawo za France zimagwiritsa ntchito pachaka, mbali yaikulu kuposa ina iliyonse imapita ku zamtengatenga. Mukamva zimenezi simudabwanso kuti chisankho cha makhansala a zigawo chikayandikira, m'misonkhano ya kampeni mumadzaza nkhani za matikiti, masiteshoni ndi sitima zochedwa.

Nkhani yokoma kwambiri ya mtengo wa tikiti inachitika m'chigawo cha Île-de-France, chomwe ndi mzinda wa Paris pamodzi ndi matauni ndi midzi youzungulira. M'menemo mumakhala anthu oposa 12 miliyoni, ndipo khonsolo yake ili ndi makhansala 209. Anthu ambiri kumeneko sagula tikiti tsiku ndi tsiku. Amalipira kamodzi pamwezi pa kakhadi kotchedwa Navigo, n'kumakwera basi, sitima ya pansi pa nthaka ndi sitima ya pamtunda mmene angafunire mpaka mwezi uthe.

Kale mapu a chigawochi anali ojambulidwa mizere yozungulira, ngati mmene amaonekera anyezi mukamudula pakati. Wokhala pakatikati, mu Paris mwenimweni, ankalipira zochepa. Wokhala kumzere wakunja ankalipira zambiri, mpaka kupitirira mayuro 110 pamwezi (yuro ndi ndalama ya kumeneko). Poyamba mungati n'chilungamo, woyenda mtunda wautali alipire zambiri, monga zimakhalira pa minibasi. Koma taganizani bwino. Kodi amakhala kutali ndi mzinda ndani? Kawirikawiri ndi anthu amene nyumba za m'kati mwa Paris zinawakanika chifukwa cha kudula kwa lendi: osesa m'maofesi, alonda, ophika m'malesitilanti. Amadzuka tambala asanalire, amakhala m'sitima nthawi yaitali kuposa onse, kenako ndi iwonso olipira zambiri. Chipani cha anthu oteteza chilengedwe chinalimbikira nkhaniyi pa chisankho cha 2010, kuti mtengo ukhale umodzi kwa aliyense. Zinatenga zaka zisanu. Mu Sepitembala 2015, wapampando wa chigawocho ali Jean-Paul Huchon, mizere ya anyezi ija inasiya kugwira ntchito pa khadi yoyendera paliponse, ndipo mtengo unakhala mayuro 70.

Chisankho chotsatira chinali mu Disembala chaka chomwecho, patangopita miyezi itatu. Mukuganiza kuti anapambana ndani? Mbali ya a Huchon inagwa! Anapambana ndi mayi Valérie Pécresse a chipani china. Anthu poponya voti amayeza zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo tikiti yotsika mtengo siigula mtima wa aliyense. Mayiwo atalowa sanabwezeretse mizere ija, koma mtengo sunakhale pa 70. Unafika pa 73 mu 2016, pa 84.10 mu 2023, ndipo mu 2025 unali pa 88.80. Nthawi iliyonse ukakwera, otsutsa amakuwa kuti anthu akufinyidwa, olamula n'kuyankha kuti sitima zatsopano ndi njanji zatsopano sizigulidwa ndi mawu.

Pa chisankho cha 2021 kunabwera ganizo lolimba mtima kuposa pamenepo. Mayi Audrey Pulvar, amene kale anali mtolankhani wa pa TV, anaima ndi mfundo yakuti kukwera basi ndi sitima m'chigawo cha Île-de-France kudzakhale kwaulere, kuyambira ndi achinyamata mpaka aliyense. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuwomba m'manja. Dikirani pang'ono, timve mbali zonse, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani.

Basi yaulere kulibe. Dalaivala amalandira malipiro mwezi ukatha, matayala amatha, magetsi oyendetsera sitima amalipiridwa. Tikati yaulere, tikungotanthauza kuti wokwerayo salipira pakhomo, ndalamayo yachokera kwina. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale kumene anthu amagula matikiti, ndalama za matikitiwo sizifika n'theka lomwe la zimene zimafunika kuti sitima za TER ziyende. Zotsalazo zimachokera ku misonkho. Ku Paris ndi m'mizinda ina kulinso msonkho wapadera wa zamtengatenga umene amapereka olemba anthu ntchito, akakhala ndi antchito 11 kapena kuposerapo. Pamwamba pa apo, lamulo limati bwana azibwezera wantchito wake theka la ndalama imene wagulira khadi ya pamwezi yopitira kuntchito. Maganizo ake ndi akuti fakitale ndi ofesi nazonso zimapindula basi ikawabweretsera antchito m'mawa.

Ofuna zaulere amati: ngati misonkho ikulipira kale mbali yaikulu, bwanji osangomaliza kachotsalako? Osauka apume, anthu asiye galimoto kunyumba, utsi uchepe mumzinda. Amaloza ku Dunkerque, mzinda wa kumpoto kwa France, kumene mabasi akhala aulere kuyambira mu 2018, ndi ku dziko laling'ono loyandikana nalo la Luxembourg, limene mu 2020 linachotsa matikiti pa mabasi ndi sitima m'dziko lonse. Okana amati: walira mvula walira matope. Dunkerque ndi kamzinda, pamene njanji imodzi yokha ya ku Paris, RER A, imanyamula anthu oposa miliyoni imodzi pa tsiku la ntchito. Mukachotsa ndalama za matikiti, anthu n'kuchuluka, sitima zowonjezera mugula ndi chiyani? Amatinso munthu amene waima pasiteshoni mvula ili pamutu sadandaula kwenikweni za mtengo, amadandaula kuti sitima sikubwera. Pa chisankhocho anthu anabwezera mayi Pécresse pampando, ndipo matikiti akugulitsidwabe.

Ine pamenepa mtima wanga uli pakati, koma wapendekera mbali imodzi. Kwa mwana wa sukulu, ndikuti basi ikhale yaulere ndithu, chifukwa mwana sasankha kubadwira kutali ndi sukulu. Kwa wamkulu wolandira malipiro abwino, sindikuona cholakwika kuti aponyepo kanthu. Inu mukhoza kuona mwina, ndipo mukafunse akunyumba kuti iwo akuti bwanji.

Tibwerere kwa mtsikana wathu uja. Mudzi wake tauika m'chigawo cha Occitanie, chimene likulu lake ndi Toulouse. Kumeneko khonsolo, motsogozedwa ndi mayi Carole Delga, inkatsitsa mtengo wa basi ya sukulu pang'onopang'ono mpaka mu 2021 inauchotseratu kwa ana okhala kutali ndi sukulu zawo. Chigawo chomwechi chimagulitsanso matikiti ena a sitima pa yuro imodzi yokha, ndalama yosakwana kugulira kapu ya khofi m'malesitilanti ambiri a kumeneko.

Koma nkhani ya ku Occitanie imene imandigwira mtima ndi ya njanji ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhône. Mu 1973 sitima zonyamula anthu zinaleka kuyenda pa njanji imeneyo. Nthawi imeneyo akuluakulu ankaona ngati tsogolo lonse ndi la galimoto. Njanjiyo sanaizule ayi, sitima za katundu zinkadutsabe. Tangoganizani kukulira m'tauni imene sitima imadutsa tsiku lililonse, mukuimva kulira kwake, mukuona mabogi akutsatana, koma palibe ndi imodzi yomwe yoti ikuimireni. Anthu a m'matauni amenewo anapanga magulu, analemba makalata, anakumbutsa aliyense wobwera kudzapempha voti. Ana amene anaona sitima yomaliza ija anakula, anakwatira, ena anakhala ndi zidzukulu. Mu Ogasiti 2022, patapita zaka 49, sitima ya anthu inaimanso pa Pont-Saint-Esprit ndi pa Bagnols-sur-Cèze, n'kupitirira ku Avignon ndi ku Nîmes.

Sikuti aliyense amasangalala ndi nkhani za sitima. Kuli midzi yambiri ku France kumene njanji sinafikeko, basi imadutsa kawiri kokha patsiku, ndipo wopanda galimoto ali ngati womangidwa miyendo. Munthu wa kumeneko akamva andale akukangana za sitima za mumzinda amafunsa kuti, nanga msonkho wanga ine ukundigulira chiyani? Mkwiyo wotere unaphulika mu Novembala 2018, boma litafuna kukweza msonkho wa mafuta a galimoto. Anthu zikwizikwi anavala majekete achikasu owala, aja amene lamulo limati azikhala m'galimoto iliyonse, n'kukatseka misewu. Kuyambira pamenepo wofuna ukhansala wa chigawo amadziwa kuti akalankhula za sitima, asaiwale wa kumudzi amene sitima yake ndi kagalimoto kakale ka pakhomo.

Mkangano wina ndi wakuti ayendetse sitimazo ndani. Kwa zaka zambiri yankho linali limodzi, SNCF basi. Tsopano lamulo limalola chigawo kuitana makampani ena kuti apikisane. Chigawo cha Provence-Alpes-Côte d'Azur ndicho chinayamba: mu 2021 chinapereka njira ya pakati pa Marseille ndi Nice kwa kampani ya Transdev, ndipo sitima zake zinayamba kuyenda mu Juni 2025. Okonda mpikisano amati wogulitsa akakhala yekha pamsika amagona. Mabungwe a ogwira ntchito za njanji amati sitima ya anthu si tomato woti azitsatsidwa, ndipo amaopa kuti makampani azidzathamangira njira zonona zokha.

Tsono pali kamsampha kamene wovota wochenjera amayenera kukadziwa. Sitima ikachedwa, wolakwa ndani? Sitimayo inagulidwa ndi chigawo. Woyendetsa ndi wa kampani. Njanji imene ikuyendapo ili m'manja mwa nthambi ina ya SNCF, yomwe mwini wake ndi boma la dziko lonse. Mabasi a m'kati mwa mizinda ngati Toulouse ndi a makhonsolo a mizindayo. Misewu yambiri nayo si ya chigawo. Choncho aliyense ali ndi wina womuloza chala, ngati ana atatu amene apezeka pafupi ndi mphika wosweka. Pa kampeni amapezeka ena olonjeza zinthu zimene sizili n'komwe m'manja mwa khonsolo ya chigawo, ndipo amene sadziwa kuti udindo uwu ndi wa yani amangowomba m'manja. Zimenezi si za ku France kokha. Mukadzamva munthu wofuna ukhansala kwanuko akulonjeza msewu wa phula kapena depoti yatsopano, mudzafunse mwaulemu kuti, kodi zimenezo zili m'mphamvu za khonsolo, nanga ndalama zake zichokera kuti?

Kavotedwe kake nako n'kosangalatsa. Wovota sasankha munthu mmodzi monga zimakhalira posankha khansala wa wadi ku Malawi. Amasankha mndandanda wonse wa mayina, ndipo lamulo limati mayinawo azisinthana, mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi, kapena kuyambira mkazi. Ngati palibe mndandanda umene wapitirira theka la mavoti, anthu amabwereranso Lamulungu lotsatira. Mu ndime yachiwiriyi mumalowa okhawo amene anapeza mavoti 10 pa 100 alionse kapena kuposa, ndipo ang'onoang'ono amene anafika pa 5 amaloledwa kuphatikana ndi akuluakulu. Apa m'pamene pamachitikira malonda: inu tipatseni anthu anu, ife titenga mfundo yanu ya tikiti ya mtengo umodzi. Umu ndi mmene chipani chaching'ono chimalowetsera ganizo lake m'boma la chigawo.

Pogawa mipando, yerekezani kuti pali mandasi 100 m'beseni. Wopambana amayamba watapa 25 ngati mphatso. Otsala 75 aja ndiwo amagawidwa kwa onse amene afika pa mavoti 5 pa 100 alionse, wopambanayo ali momwemo, molingana ndi mavoti amene aliyense wapeza. Anachita dala chonchi kuti wopambana akhale ndi manja okwanira pokweza m'khonsolo, bajeti ya sitima ndi mabasi isamakanirire. Akakhala pansi koyamba, makhansalawo amasankha wapampando pakati pawo.

Kumalo oponyera voti, munthu amatenga timapepala ta mindandanda, amalowa kuseri kwa katani, amaika kamodzi mu envulopu, n'kukaponya m'bokosi loonekera m'kati. Envulopu ikagwa, woyang'anira bokosi amanena mokweza kuti "A voté!", kutanthauza kuti wavota. Makolo ambiri amapita ndi ana awo kuti akaonerere.

Koma mu Juni 2021 mawu amenewa sanamveke kwambiri. Chisankhocho chinayenera kuchitika mu Malichi, anachisuntha chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo tsiku litafika, mwa anthu atatu alionse olembetsa, awiri anakhala kunyumba. Amene anajomba koposa ndi achinyamata, omwenso ndi amene amadzaza mabasi ndi sitima za TER m'mawa uliwonse. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Agogo amene mwina sakwera sitima kawiri pachaka anapita kukavota, mdzukulu woikwera tsiku ndi tsiku n'kutsala pabedi, ndipo nthawi yonyamukira sitima yake inakamangidwa iye kulibe.

Mtsikana wathu uja analibe mlandu pamenepo, popeza ku France, monganso ku Malawi, munthu amayamba kuvota akakwanitsa zaka 18. Makhansala a zigawo amakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi, koma amene anasankhidwa mu 2021 anawawonjezera miyezi ingapo kuti chisankho chawo chisawombane ndi cha pulezidenti cha 2027. Chisankho chotsatira anachiika mu Malichi 2028. Ngati mtsikanayo anabadwa mu 2009, tsiku limenelo adzakhala ndi envulopu yakeyake m'manja, ndipo pa siteji paja m'mawa mwake padzakhala pataima mng'ono wake, chikwama kumsana, akuyang'ana kukona.